Usipa wa Pansi pa Dengu

Amayi anga sankagula nsomba imene sanainyoze, ndipo asodzi onse a pa Mbamba Bay ankadziwa zimenezi. M'mawa mabwato akamakocheza, iwo ankayenda pamchenga pang'onopang'ono, dengu lili m'khwapa, ngati munthu amene akungodutsa. Akaima pa bwato lina n'kunena kuti, "Nsomba zabwino izi, Mulungu wakudalitsani," mwini bwato ankadziwiratu kuti malonda palibe, mayiwa akupitirira. Koma akatola kausipa kamodzi, n'kukanunkhiza, n'kukwinya nkhope, n'kufunsa kuti, "Kodi imeneyi ndi dagaa kapena zinyalala zimene nyanja yalavula?" msodzi ankayamba kupukuta chitini choyezera. Ankadziwa kuti mtima wa mayi a kutsidya wagwera pamenepo.

Ndi mmene ankatitchulira, a kutsidya. Amayi anabadwira ku Nkhotakota, ndipo anawoloka nyanja ndi bambo anga amene anali mmisiri wokonza maboti. Ine ndinabadwira ku Tanganyika komweko, nthawi ya Mngelezi, koma kubadwira pamalo sikufafaniza kumene makolo ako anachokera. M'nyumba tinkalankhula Chinyanja chathu, kusukulu Chiswahili ndi Chingelezi cha m'buku, pamsika chilichonse chimene chingagulitse nsomba. Bambo atamwalira tinatsala awiri, amayi ndi ine. Chaka ndi chaka inkamveka mphekesera yoti boma lilemba mayina a anthu a kutsidya kuti liwabweze kwawo. Sizinachitike, koma zinatiphunzitsa kuti munthu wonyamula buku akafika pakhomo, lilime lizikhala lalifupi.

Ndati tinatsala awiri, koma amayi anabereka ana awiri. Achimwene anga anali aakulu kwa ine ndi zaka zambiri, ndipo masamu ankawamwa ngati madzi. Mzungu wina wa minda ya khonje ya kunyanja yamchere anawatenga kuti akakhale kalaliki. Analemba makalata awiri, kenaka zii. Amayi nkhani imeneyi sankaikamba. Ine ndinkaganiza zimene aliyense wa pamudzi akanaganiza, kuti anthu a kaduka anawalodza achimwenewo kuti aiwale kwawo, ndipo mumtima ndinali ndi mayina atatu kapena anayi a anthu amene ndinkawaganizira.

Usipa ukauma pathandala, amayi ankausankha. Wonona, umene ankafuna kusungira pakhomo, ankauika pansi pa dengu, pamwamba n'kuwazapo woduka mitu ndi wamchenga. Mnansi akabwera kudzapempha ndiwo ankangoona zinyenyeswa, n'kutapa pang'ono mwaulemu, n'kumapita.

Ineyo sindikumbukira tsiku limene amayi ananditamapo ndili mwana. Ndikasesa pabwalo mpaka nyerere kusowa pobisala, iwo ankati, "Wasesa kapena wapalasa ngati nkhuku?" Mlendo akanena kuti mwana wanu akukula bwino, ankamudula msangamsanga. "Kameneka? Kaulesi kotheratu. Manja ngati a nkhanu, chimene kagwira chimagwa." Mawu a nkhanu amenewa ndinawamva kambirimbiri moti nthawi zina ndinkayang'ana zala zanga kuti mwina n'zoona. Zinkandipweteka, sindibisa. Ndinkangodzitonthoza kuti akunditchinjiriza kwa afiti, chifukwa mwana wotamidwa pagulu ndi amene maso oipa amamupeza msanga.

Ndili mu Sitandade 8, a Mwalimu Mkulu, aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu, analowa m'kalasi ndi pepala la chidindo. Anati boma la m'dera lathu laika malo aulere ku koleji ya uphunzitsi. Wosankhidwayo sadzalipira kanthu, kaya fizi, kaya chakudya, kaya pogona, ngakhale lole yokwera mapiri. Anyamata anali ndi malo awo angapo. Atsikana, gombe lonse kuyambira ku Lituhi mpaka kwathu, malo anali amodzi okha. Osankha adzaona zotsatira za mayeso, adzawerenga kalata yaumboni yochokera kwa mphunzitsi wamkulu, kenaka adzabwera okha kudzamufunsa mwana pamaso. Kwa ine nkhani inali yachidule. Ndikapeza malowo ndikhala mphunzitsi. Ndikawaphonya ndikhala ndikununkhiza usipa pambali pa amayi mpaka wina adzandikwatire, chifukwa dengu lawo silikanatha kundilipirira ngakhale teremu imodzi.

M'kalasi mwathu atsikana tinali awiri. Mnzangayo anali wa ku Chiwanda, wamtali, woseka msanga, wolemba zilembo zozungulira bwino ngati mazira. Tinakhala benchi limodzi zaka zinayi popanda kukangana. Vuto linali lakuti amayi ake anali pachibale ndi akazi a a Mwalimu, ndipo iye ankagona m'nyumba mwa a Mwalimu momwemo. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinawerengera ndekha: kalata yaumboni adzalemba ndi a Mwalimu, mayeso adzayang'anira ndi a Mwalimu, ndipo tsiku lililonse amene amawathirira madzi osamba m'manja ndi mtsikana ameneyu. Ine mwana wa kutsidya ndilowera pati?

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene mnzangayo ankachita chinali ndi mchira. Akandibwereka nsonga ya peni, ndinkailandira ndi manja awiri, ndikaweruka n'kukaiponya m'nyanja. Akandifunsa kuti dzulo ndinawerenga chiyani, ndinkati ndinagona mutu ukuwawa. M'mawa wa tsiku la mayeso anandipatsa mtedza wokazinga m'kapepala, akuti tisalembe ndi njala. Ndinathokoza, n'kuubisa m'thumba, masana n'kukawazira nkhuku za amayi. Masiku awiri ndinkazilonda nkhukuzo. Sizinafe, sizinadzandire. Koma sindinagonje ayi. Ndinati mankhwala ozimitsa nzeru sangaoneke pa nkhuku, popeza nkhuku nzeruzo zilibe kale.

Pamsika napo aliyense anali katswiri wa mmene mwana amasankhidwira. Mayi wina wogulitsa nyemba anati osankha amayang'ana kumapazi, wopanda nsapato asavutike n'komwe. Wina anati amafuna mwana wa katekisiti kapena wa mfumu, enanu mukungoperekeza. Winanso anandikokera pambali n'kundiuza za kamuzu koika pansi pa lilime, kakuti ukalankhula mzungu amangogwedeza mutu. Ndinamvera onsewo, ndipo aliyense ndinamufunsa mumtima kuti wamutuma ndani.

Mayeso atatha, a Mwalimu anayamba kutisunga tikaweruka, ife awiri ndi anyamata aja, kutikonzekeretsa zokaonekera kwa osankha. Anali munthu wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga zolengeza za m'tchalitchi.

"Sikilizeni, mvetserani," ankatero. "Onse amene adzaitanidwe tsiku limenelo, mtihani anakhoza kale. Mayeso amangokufikitsa pakhomo. Akuluakulu aja anatopa ndi ana oyankha za m'buku, chifukwa bukulo iwo ali nalo. Akufuna amve chimene iwe wekha unaona ndi maso ako. Ndipo ukamayankha uziwayang'ana kumaso, mawu azimveka."

Kuyang'ana munthu wamkulu kumaso! Kwathu umenewo ndi mwano wa mwana wosalangidwa. Ndinati eya, ndakugwirani. Masana mukundiphunzitsa ine kutong'olera maso akuluakulu kuti ndikaoneke wamwano, mukafika kunyumba mukumunong'oneza mwana wanu kuti akagwade n'kuzolika. Pakamwa ndinkavomera kuti, "Ndiyo, Mwalimu," koma mumtima ndinatsimikiza kuti tsikulo maso anga adzakhala pa zala za kumapazi.

Zotsatira zitabwera ndinali woyamba, mnzanga uja wachitatu pambuyo pa mnyamata wina. A Mwalimu anawerenga mayina mokweza pabwalo la sukulu, ana onse ali pamzere. M'malo mokondwa ndinayamba kuona kuti ndani watembenuka, ndani sanaombe m'manja. Ndinati naponso pali msampha, akundikweza pamwamba kuti pogwa ndidzamveke. Nditafika kunyumba ndinawapeza amayi akusenda chinangwa choti akaviike. Nditawauza, mpeni unaima.

"Anachita kutchula dzina lako mokweza? Anthu akumva?"

"Inde, Amayi."

Anayambanso kusenda. "Woyamba pa mbuzi ndi mbuzi ndithu. Katunge madzi."

Patapita masabata awiri ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza mpando uli panja. Tinali ndi mpando umodzi wokha, umene anakhoma bambo, ndipo sunkatuluka m'nyumba wambawamba. Pamchenga wa pabwalo panali mizere ya matayala a njinga.

"Kunabwera ndani, Amayi?"

"Karani wina, kalaliki wa kuboma, ndi buku lake. Mafunso mbwee."

"Amafunsa za chiyani?"

"Za anthu a pakhomo pano. Ndamuyankha zomuyenera, wapita. Lowetsa mpandowo."

Ndinakumbukira mphekesera ija yolemba a kutsidya, ndipo mantha anandigwira. Ndinati basi, a ku Chiwanda akanena kuboma kuti ine si mwana wa dziko lino, malo a ana a Tanganyika asapite kwa mlendo. Mawa lake ndinatenga chitupa changa cha ubatizo, chimene chinkasonyeza kuti ndinabadwira pa Mbamba Bay, n'kuchisokerera m'kati mwa diresi la sukulu. Ndinayenda nacho choncho, chikundikanda m'nthiti, mpaka tsiku lofunsidwa.

Tsikulo osankha anakhala m'kalasi mwathu momwemo. Atsikana a ku Lituhi anabwera pa boti dzulo lake, wina wa ku Tingi anatsika mapiri wapansi ndi bambo ake, mapazi ali mbuu. Tinakhala pabenchi pakhonde, tonse titadzola mafuta mpaka kunyezimira, palibe wolankhula ndi mnzake. Aliyense ankangoba ndi diso mapazi a mnzake kuti aone amene wavala nsapato. A Mwalimu sanaloledwe kulowa, ankangozungulira mtengo wa mango, manja ali kumbuyo. M'katimo munali anthu atatu kuseri kwa tebulo: dona wachizungu woyendera sukulu za atsikana, mkulu wina wa bwalo la mafumu amene ndinkamuona kawirikawiri pagombe akudikira bwato la mwana wake, ndi kalaliki wa kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'maondo. Njinga yake inali itatsamira pawindo.

Mnzanga wa ku Chiwanda analowa ine ndisanalowe. Ndinasuzumira pamng'alu wa chitseko kuti ndimuone akuzolika monga anamuphunzitsira kunyumba. Mutu wake unali chilili, maso ali pa dona, mawu akumveka mpaka pakhonde. Zinandisokoneza pang'ono. Kenaka ndinati mwina wadziwa kuti ndikusuzumira.

Nthawi yanga itakwana ndinalowa, n'kupereka moni waulemu wa shikamoo, maso ali pansi. Anandiwerengetsa ndime ya Chingelezi, ndinawerenga. Anandipatsa samu, ndinaipeza. Dona anafunsa chifukwa chimene ndikufunira uphunzitsi, ndipo ndinayankha zimene ndinaloweza, kuti ndikufuna kuthandiza dziko langa kuchoka mumdima. Sanalembe kanthu. Ndikuganiza kuti m'mawa umenewo dzikolo linali litachotsedwa kale mumdima kasanu.

Kenaka dona anagwedezera mutu kalaliki uja, iye n'kutsegula buku lake. Anati anayendera makomo a atsikana onse kukamva za khalidwe lawo kwa makolo, ndipo awerenga zimene anapeza kwathu. Anawerenga m'Chiswahili, mawu ake osakwera osatsika. Mayi a mwanayu akuti ndi waulesi. Akuti sadzuka dzuwa lisanamuwombe. Akuti amadwala mutu pafupipafupi ndipo amaiwala zimene watumidwa. Akuti pali mwamuna amene anamufunsira kale, choncho kolejiyo sadzaimaliza.

Ndinati ndi a Mwalimu amenewa, amudyetsa nkhuku kalalikiyu n'kumulembetsa bodza m'dzina la amayi anga. Dzanja langa linali litapita kale pamene ndinasokerera chitupa chija, ngakhale panalibe amene anafunsa za kumene ndinabadwira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti amayi anga sanganene zimenezo. Koma kalaliki anali asanamalize. Anatembenuza tsamba.

"Akutinso manja ake ali ngati a nkhanu, chimene wagwira chimagwa."

Pakamwa panga panatsekeka pokha. Mawu amenewo mwini wake anali mmodzi pagombe lonse lija.

Mkulu wa bwalo la mafumu uja anatsamira patebulo. "Binti, tawamva mayi ako. Mtihani ukunena zina, iwo akunena zina. Tsono tiuze iwe. Mayi ako ndi abodza?"

Funso limenelo linalibe potulukira. Ndikati inde, ndiye kuti ndatukwana amayi anga pamaso pa alendo, ndipo ndani angapereke ana ake kwa mphunzitsi wotere? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndikati ayi, ndiye kuti ndavomera ndekha kuti ndine mlesi wodwaladwala wodikira ukwati, malo aja apite ku Chiwanda. Ndinayang'ana zala za kumapazi monga ndinakonzera, koma zalazo zinalibe yankho. M'buku munalibenso. Chimene chinatsala ndi chija ankanena a Mwalimu, chimene ine ndinachiyesa msampha.

Ndinadzutsa mutu n'kumuyang'ana mkuluyo kumaso. Khosi linalemera ngati ndasenza nkhuni zaziwisi.

"Mzee, munawaonapo amayi anga akugula dagaa pagombe?"

Anandiyang'anitsitsa. "Mayi ako ndi ati?"

"Aja a kutsidya, obwera m'mawa ndi dengu m'khwapa."

Mapewa ake anayamba kugwedezeka. "Aja amatukwana nsomba za mwana wanga tsiku ndi tsiku?"

"Omwewo. Nanga akatukwana amazisiya?"

"Azisiye? Amatenga zonse, ndi za pansi pa bwato zomwe."

"Nanga akanena kuti nsombazo ndi zabwino?"

"Ndiye kuti tsiku limenelo tikagulitsa kwina."

"Ndiye ineyo, Mzee, amayi anayamba kundinyoza ndili kumsana. Sindinganene kuti ndi abodza. Ndi mmene amalankhulira za chinthu chimene mtima wawo uli pamenepo."

Mkulu uja anaseka mpaka kupukuta maso. Kalaliki anamufotokozera dona m'Chingelezi zimene zinamudutsa. Dona anavula magalasi, n'kundiyang'ana ngati ndangolowa kumene. Anafunsa za mwamuna wondifunsira uja, kuti ndi ndani. Ndinati, "Inenso ndamumva lero, Bibi. Mukamupeza mundiuze." Pamenepo ngakhale kalaliki anabisa pakamwa ndi buku lake. Kuchokera apo dona anandifunsa zambiri zimene sizinali m'buku lililonse: usipa timauumitsa bwanji mvula ikayamba, anthu a kumapiri amabwera ndi chiyani kudzasinthanitsa, mwana wa msodzi ndingamuphunzitse bwanji samu yogawa. Ndinati ndimupatsa chitini chimodzi cha usipa ndi abale ake anayi anjala, samuyo aipeza yekha. Dona analemba nthawi yaitali.

Ndinatuluka mkwiyo uli tho. Amayi sindinawakwiyire kwenikweni. Ndinati iwo angolakwitsa, anayesa kalalikiyo ndi wolemba a kutsidya, n'kuyamba kundibisa monga amachitira ndi mlendo aliyense. Mlandu wonse ndinauika pa a Mwalimu. Iwo ankadziwa kuti kalaliki adzayendera makomo, nanga bwanji sanatichenjeze? Ndinali wotsimikiza kuti ku Chiwanda uthenga unapita, anthu anasesa pabwalo, nkhuku inafa, ndipo bambo a mnzanga anatama mwana wawo mpaka inki kutha. Kunyumba sindinanene kanthu. Amayi anangofunsa kuti, "Zatha?" Ndinati zatha.

Kudikira kunali kowawa kuposa mayeso. Thumba la makalata likafika, ndinkapeza chifukwa chodutsira kuseri kwa ofesi ya a Mwalimu. Sabata ikatha popanda nkhani, ndinkati kalata yanga inafika kalekale, ili pansi pa mphasa m'nyumba ina, kapena anayatsira moto. Mnzanga wa ku Chiwanda akaseka ndi wina, ndinkati wamva kale. Akakhala duu, ndinkati akubisa chimwemwe.

Kalata inabwera mvula yoyamba itagwa. A Mwalimu anandiitanira mu ofesi mwawo, n'kuiyala patebulo kuti ndiwerenge ndekha. Malo aja anali anga. Ndinayenera kugwada n'kuthokoza. Koma kuyang'ana kumaso kuja, kumene anandiphunzitsa okha, kunali kutamera mizu.

"Asante, Mwalimu," ndinatero. "Ngakhale kuti za karani uja simunatichenjeze."

"Sindinakuchenjezeni? Mwanangu, ndinapita ndekha kwa mayi ako Loweruka, iwe uli kumunda. Ndinawauza tsiku limene karani adzabwere. Ndinawauza chimene akudzafuna. Ndinawapempha kuti anene zabwino zako zonse, asabise kanthu. Ndinanena m'Chiswahili, n'kubwereza m'Chinyanja changa chothyokathyokachi. Anati amva."

Sindikumbukira mmene ndinatulukira mu ofesimo. Miyezi yonse ija ndinakayikira benchi langa, mphunzitsi wanga, mayi wa nyemba, mtedza, ngakhale thumba la makalata. Munthu mmodzi yekha ndi amene sindinamuganizirepo.

Ndinawapeza amayi pathandala akutembenuza usipa, diso limodzi lili kumitambo.

"Amayi, karani uja munamudziwa."

Sanatembenuke. "Ndinamutulutsira mpando, sichoncho? Wolemba a kutsidya ndingamutulutsire mpando wa bambo ako ine?"

"Nanga bwanji munanena zija? Mukanandiphonyetsa malo."

"Ndimafuna uphonye."

Ananena poyera, ngati akuuza munthu kuti lero ndi Lachinayi. Ndinayamba kulira, kulira kwa mkwiyo. Iwo anapitiriza kutembenuza usipa mpaka kumapeto kwa thandala, kenaka anapukuta manja m'chitenje.

"Iwe ukuganiza kuti mchimwene wako anamulodza ndani? Ndikudziwa uli ndi mayina ako mumtima. Palibe anamulodza. Mzungu uja anakhala pampando womwewo, n'kundifunsa kuti mwanayu ndi wotani. Ine ndi pakamwa panga pano ndinamutama. Ndinati ndi wanzeru, ndi wokhulupirika, sanabepo ngakhale singano. Ndinamuika pamwamba pa dengu ndekha, munthu n'kutola. Tsono atabwera wachiwiri ndi buku lake, ukanakhala iwe ukanatani?"

Ndinangoti, "Ine ndizidzalemba makalata, Amayi. Pa tchuthi ndizidzabwera."

"Nayenso anatero." Anandikankhira dengu. "Yanula, mvula ikubwera."

Masiku otsatirawo nkhaniyo sitinaikambenso. Mnzanga wa ku Chiwanda analira tsiku limodzi, kenaka anabwera kwathu kudzandiluka tsitsi la paulendo. Mutu wanga uli pamaondo pake, anandiuza kuti m'kalata yaumboni a Mwalimu anaika dzina langa patsogolo pa lake, ndipo akazi awo anakhala sabata yathunthu osawalankhula. Ankanena akuseka, zala zake zili m'tsitsi mwanga. Pabwalo nkhuku zija zinkadutsa, zonenepa bwino. Manyazi anandigwira, koma za mtedza sindinamuuze.

Tsiku lonyamuka lole inaima pafupi ndi doko m'mawa, anthu ali piringupiringu. A Mwalimu anabwera, mnzanga uja anandinyamulira bokosi, azimayi a pamsika anasiya malonda kudzaonerera. Amayi anafika mochedwa, dengu lili m'khwapa ngati tsiku lina lililonse. Anandipatsa kamtolo ka usipa, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti ndi uja wa pansi, wonona wokhawokha. Ndinkadikira kuti anene za nkhanu, kuti ndisakagwetse mbale za eni kukolejiko, anthu aseke, ine ndikwere.

M'malo mwake anapita kwa dalaivala, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Bwana dereva, muyende naye bwino mwanayu. Ndi mwana wabwino. Ndi wanzeru, ndi wolimbikira ntchito, tambala asanalire amakhala atadzuka. Kumene akupitako Mulungu wawadalitsa."

Zaka zonse zija ndinkalakalaka kumva mawu amenewa. Atabwera, anandiopsa, chifukwa ndinakulira pagombe lija ndipo ndinkadziwa chimene amayi amachita akamaliza kuyamikira. Ndili pamwamba pa matumba ndinafuula kuti, "Amayi, nanga manja angawa?"

Iwo anangokonza dengu m'khwapa, n'kupitirira kumabwato, dalaivala asanalize n'komwe injini.